Za mayi anga aja ndi mankhwala a magetsi a kumutu

Mwezi watha ndinafunsa ngati makina opatsa ubongo magetsi, otchedwa tDCS, angachize myositis, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira minofu. Mayi anga kuno ku Ulongwe amalephera kudzuka pamphasa, ngakhale kukweza manja kuti amange duku.

Zikomo nonse munayankha. Tinapita nawo ku Tete, ndipo adokotala anatimasulira bwino. Makinawo ndi timasiponji tiwiri tonyowetsa ndi madzi amchere, toikidwa pamutu popanda kung'amba paliponse. Magetsi ake ndi ochepa, nthawi zambiri samapitirira mamiliampeya awiri (2 mA), kwa mphindi ngati 20. Ku São Paulo, ku Brazil, anayesapo pa odwala otere, koma anthu ochepa, ndipo amamwabe mankhwala awo. Makinawo amangothandizira, sachotsa matendawo.

Ndiye amene mumati tisiye prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa amene mayi amamwa, pepani, sitisiya. Adokotala achenjeza kuti kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa, amachepetsa pang'onopang'ono akamaona CK m'magazi, muyeso wosonyeza kuwonongeka kwa minofu. Awonjezeranso methotrexate, mankhwala ochepetsa ukali wa chitetezo cha m'thupi, kamodzi pa sabata basi, ndi masewero olimbitsa minofu.

Kudzuka pampando mayi ayamba okha. Pamphasa mpaka tiwagwire m'khwapa.