Zowonjezera pa funso la achinyamata okakhala ndi mabanja ku Japan

Pa funso lija loti mwana wa zaka 16 akonzekere bwanji kukakhala ndi banja la ku Japan m'nyengo yotentha, tinangotchula mabungwe a AFS ndi YFU, omwe amatumiza ophunzira kukakhala ndi mabanja m'maiko ena. Nazi zomwe zinatsala.

Nthawi yake ndi Julayi ndi Ogasiti. Kuno kukamazizira, ku Tokyo kumatentha kupitirira madigiri 30, thukuta lokhalokha, ndiye majuzi asiyeni. Masukulu amatsekera chakumapeto kwa Julayi, choncho wofuna kulowa nawo m'kalasi afike msanga.

M'nyumba ndi momwe ambiri amalakwitsa. Nsapato zimatsala polowera, ndipo kuchimbudzi kuli masilipasi akeake osatuluka nawo. Koma chosokoneza kwambiri ndi bafa. Munthu amayamba wasamba ndi sopo pambali, n'kudzitsukuluza bwinobwino, kenako n'kulowa m'madzi otentha a m'bafamo. Akatuluka asawataye, chifukwa banja lonse lilowa m'madzi omwewo.

Magetsi ndi a 100V, mapulagi ake ndi a timano tiwiri tophwatalala, motero agule adaputa asananyamuke. Mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine wopitirira 10 peresenti ndi oletsedwa kulowa nawo m'dzikolo. Amalawi viza amakatenga ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe.