Anti-Ro yapezeka koma anti-La palibe: ndi Sjögren? Nanga mimba ndingatenge?

Wofunsa:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndine mayi wa zaka 31. Chaka ndi theka tsopano maso anga amakhala ngati mwalowa mchenga, ndipo ngakhale ndilire, misozi imangotuluka pang'ono. M'kamwa mumauma gwa. Usiku ndimadzuka katatu kumwa madzi, chakudya chouma sichitsika pakhosi popanda madzi. Mano awiri abooka cha kunkhama, chonsecho ndimatsuka m'kamwa kawiri patsiku. Shuga ndi HIV anandiyeza, zili bwino.

Dokotala wa maso anandiika kapepala m'chikope kwa mphindi 5, kananyowa mamilimita 3 okha. Magazi atuluka chonchi: ANA positive, anti-Ro/SSA positive, anti-La/SSB negative (awa ndi ma antibody, asilikali a chitetezo omwe amatembenukira thupi lomwelo; mwachidule Ro ndi La). Anangoti zikuoneka ngati Sjögren, ndipo poti kunja kunali mzere, ndinachita manyazi kufunsa zambiri. Popeza La palibe, mwina si matendawo? Koma chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi: ine ndi abambo a kunyumba tikufuna mwana wachiwiri, ndiye ndawerenga kuti Ro imawononga mtima wa mwana ali m'mimba. Ndileke?

Woyankha woyamba:
Pepani achemwali, ineyo ndili nawo matendawa. Chitetezo cha mthupi chimatembenukira tiziwalo topanga misozi ndi malovu, ndipo mwa odwala 10, pafupifupi 9 ndi amayi. La isakusokonezeni. Pa ndondomeko yomwe akatswiri a ACR ndi EULAR (mabungwe a madokotala a matenda a nyamakazi a ku America ndi ku Ulaya) anatulutsa mu 2016, La yokha saiwerengera n'komwe. Ro ili ndi mapointi 3, kapepala kaja (amati Schirmer) kakanyowa mamilimita 5 kapena kuchepera ndi pointi imodzi, ndipo amafuna 4. Inuyo mwafika kale pa 4. Wotsimikiza ndi dokotala wanu, koma musadzinamize kuti mulibe kanthu. Enanso alibe Ro ndi La yomwe, amawapeza podula kanyama ka mkati mwa mlomo n'kukayeza. Manowo musawachedwetse, malovu ndi amene amateteza mano.

Woyankha wachiwiri:
Mayi, musanapite patali, mukumwa mankhwala anji? Amitriptyline ndi mapiritsi a ziwengo amaumitsa m'kamwa kwambiri. Sangakupatseni Ro, koma akhoza kuwonjezera kuumako. Funsaninso ngati hepatitis C anayeza.

Woyankha wachitatu:
Ndine mzamba, ndilankhulepo za mimbayo chifukwa ndikuona mantha akukulirani. N'zoona kuti Ro imadutsa kuchoka m'magazi a mayi kupita kwa mwana, ndipo ikhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima wake. Koma zimachitikira mwana mmodzi kapena awiri mwa 100 obadwa kwa amayi omwe ali ndi Ro. Ngoziyo imakwera ngati mwana wam'mbuyo anabadwa ndi vutoli. Ana ena amatuluka tizilonda pakhungu, timene timatha patapita miyezi ingapo, Ro ya mayi ikatha m'magazi mwawo.

Choncho sindinganene kuti mulekeretu. Chimene ndikukupemphani n'chakuti mimba isakudzidzimutseni. Kaonaneni ndi dokotala wa matenda a chitetezo cha mthupi ndi dokotala wa amayi musanaime. Mtima wa mwana amauyang'anira ndi sikani pafupipafupi kuyambira cha m'sabata ya 16 mpaka 26. Mwa mankhwala a matenda ngati amenewa, hydroxychloroquine amaloledwa kwa oyembekezera, methotrexate ayi, ndiye aliyense wokulemberani mankhwala adziwe kuti mukufuna mwana. Komanso mukaona kutupa m'munsi mwa makutu kosaphwa, kapena mwanabere wosatha, musadikire tsiku la sikelo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhalako pansi. Mwana woyamba anabadwa bwinobwino, ali ndi zaka 4. Amitriptyline ndimamwadi usiku chifukwa cha mutu, sindimadziwa kuti amaumitsa. Sindisiya ndekha, ndikawafunsa kaye adokotala Lachiwiri. Amayi azamba, sikani ya mtima wa mwanayo ndi imodzimodzi ndi ya masiku onse ija, kapena ndikaipemphe mwapadera?