Tchimo lomwelomwelo mwezi ndi mwezi: ndi chiwanda kapena ndife tomwe?

Wa Kwaya, Chitakale:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni kumvetsa. M'gulu lathu la mapemphero muli anthu amene amapita kutsogolo pa chitsitsimutso chilichonse. Amapemphereredwa, amalira, ena mpaka kugwa, kenako n'kuchitira umboni kuti amasulidwa. Pakangopita milungu iwiri kapena itatu, makamaka malipiro akatuluka ku esiteti, wamowa wabwerera ku mowa, wa chibwenzi chamseri wabwerera komweko, wobetcha pa foni wayambiranso. Ena akuti chiwandacho sichinatuluke chonse, akwere phiri akasale masiku 7. Ena akuti palibe chiwanda apa, ndi kusamva basi. Kodi nkhondo ya uzimu ya pa Aefeso 6 imamenyedwa bwanji Lolemba m'mawa, chitsitsimutso chitatha? Ndikufuna zochita zogwirika, chifukwa mawu oti "limbikani m'pemphero" amva kale.

Mkulu wa Mpingo, Luchenza:

Achimwene, poyamba tisiyanitse adani, chifukwa mankhwala a malungo sachiza dzino. Tsegulani Agalatiya 5:19-21. Kuledzera, dama, ndewu, kaduka, ngakhale nyanga, Paulo wazitchula zonsezo kuti ntchito za thupi. Chiwanda chimatulutsidwa, koma thupi simungalitulutse, mumagona nalo ndi kudzuka nalo. Vesi 24 ikuti limapachikidwa, ndipo Aroma 8:13 ikuti ntchito zake muziziphe mwa Mzimu. Ndiye munthu akamapita kutsogolo mwezi uliwonse kukatulutsitsa chinthu chofunika kuphedwa tsiku ndi tsiku, adzagwa pansi kangapo koma Lachisanu la malipiro lidzamupeza chimodzimodzi.

China chimene ambiri timachitembenuza ndi ichi. Yakobo 4:7 akuti mdierekezi timukanize, iye ndiye athawe. Koma 1 Akorinto 6:18 akuti dama tilithawe ndife. Ife timachita zosemphana: satana timamuopa n'kumuthawa, pomwe chibwenzi chakale timati tikalimbana nacho pamasom'pamaso, "ndingopita ndikamuuze kuti zatha." Zimathera pamphasa. Yosefe kwa mkazi wa Potifara sanayambe ulaliki, anasiya malaya m'manja mwa mayiyo n'kuliyatsa liwiro.

Chochita chake n'chotere. Munthuyo agule kope laling'ono. Kwa masiku 14, chilakolako chikabwera, kaya wagwa kaya sanagwe, alembe zinthu zinayi: nthawi yake, malo, anali ndi ndani, ndiponso m'thupi ndi mumtima munali chiyani, kaya njala, kutopa, mkwiyo wa kunyumba, kusungulumwa kapena ndalama m'thumba. Masiku amenewo akatha adzadabwa kuti tchimo lake lili ndi ndandanda ngati minibasi. Limabwera ola lomwelomwelo, njira yomweyomweyo. Yakobo 1:14-15 akufotokoza kuti chilakolako chimayamba kukoka, chimanyenga, chimatenga pathupi, kenako chimabala. Pogwirira pake ndi pa kukoka paja. Munthu akakhala kale pa benchi la pamowa, botolo lili pakati pa miyendo, pemphero lake lachedwa ndi maola awiri.

Ndiye dulani njira. Wamowa, ndalama zamalipiro zisagone m'thumba mwake ngakhale mpaka madzulo: chimanga, sopo, fizi ndi za banki m'khonde zichoke dzuwa lisanapendeke, zotsala asunge mayi akunyumba. Ngati njira yachidule imadutsa pamene amatchezera kachasu, azizungulira, ngakhale ionjezeke ndi mphindi 20. Wa chibwenzi, kufufuta nambala sikuthandiza chifukwa ili m'mutu, aibuloke, ndipo foni isamalowe kuchipinda ikakwana 9 koloko usiku. Wobetcha achotse pulogalamuyo, komanso asamasiye ndalama yoposa ya tsiku limodzi mu mobile money. Aroma 13:14 ndiye maziko a zonsezi: thupi musalikonzere chakudya.

Mayi wa Mvano, Thekerani:

Abambo a ku Luchenza anena bwino, koma kudula njira kokha kumasiya munthu ali chilili. Aliyense wolima kuno amadziwa kapinga. Mukapala pamwamba munda umaoneka woyera, koma mvula ikangogwa kawiri wabwerera, chifukwa timizu tija tili pansi. Ndipo ngakhale mutazula zonse, malo osadzalidwa sakhalitsa opanda udzu. Ambuye pa Mateyu 12:43-45 ananena za nyumba yosesedwa bwino koma yopanda wokhalamo: mzimu woipa umene unatulukamo unabwerera ndi anzake 7 oipa kuuposa. Pa Aefeso 4:28 wakuba sanangouzidwa kuti aleke, anauzidwa agwire ntchito ndi manja kuti akhale ndi chopatsa osowa. Bambo amene madzulo a Loweruka onse amakhala pamowa, mukam'chotsa pamenepo m'patseni chochita pa maola omwewo, ndi anthu ena: dimba, kukonza mabenchi a kutchalitchi, kuyendera odwala. Mukangomusiya akhale pakhonde kuyang'ana nkhuku, anzake aja sachedwa kumupeza.

Chachiwiri, kuulula. Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo, koma sakuti pagulu la anthu 40. Tchimo la chigololo likatchulidwa pa maikolofoni, mawa lake lili pa mjigo, ndipo dzina la mnzake wochimwa naye uja lavulidwa popanda mwini kudziwa. Asankhe munthu mmodzi: mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, wamkulu m'chikhulupiriro, wodziwika kuti sayenda ndi nkhani. Akumane kamodzi pa mlungu, tsiku lokhazikika, ndipo womverayo afunse mosazungulira: mlungu uno mwagwa kangati, zinayamba bwanji, mwandibisira chiyani. Agwirizanenso kuti chiyeso chikafika azifulasha, winayo aimbe nthawi yomweyo. Chimene chimaononga njira imeneyi n'chakuti womverayo amayamba kuchita manyazi, n'kumangofunsa za ana ndi za kumunda. Abale a Chikatolika ali ndi mwayi wa kulapa kwa ansembe, komabe nawonso amafunika munthu wa pafupi wowafunsa Lachitatu.

Koma mwanawe, taona mndandanda wakowo: mowa, chibwenzi, kubetcha. Onsewo ndi machimo oonekera. Nanga wonyowetsa masamba a tiyi kuti alemere pa sikelo? Nanga woyeza chimanga ndi chitini chophwanyidwa pansi pa msika wa Limbuli? Nanga mayi wovala yunifolomu yoyera Lachinayi amene sanalankhulane ndi mlamu wake zaka zitatu chifukwa cha malire a munda? Amenewa sapita kutsogolo, poti palibe amawatcha a ziwanda. Machimo otere sathera pa kugwada. Zakeyu anabweza kanayi, ndipo Mateyu 5:23-24 akuti siya chopereka pomwepo, kayanjane kaye ndi m'bale wako.

Mlaliki wa ku Muloza:

Ndikugwirizana nazo zambiri, koma tisafike poti satana timusandutse kope ndi bolopeni. Aefeso 6:12 akunena poyera kuti sitilimbana ndi thupi ndi mwazi. Kalata yomweyo pa 4:26-27 ikusonyeza mmene ziwirizi zimalumikizirana: mkwiyo wogona nawo usiku umam'patsa mdierekezi malo. Tchimo ndi lathu, koma likakhalitsa iye amaponda phazi pamenepo.

Pali anthu amene mzere wowalumikiza ku zamatsenga sunadulidwe. Ali ndi chithumwa cha bizinesi pansi pa benchi, kapena mankhwala a chikondi m'chikwama, ndipo amapita kukapemphereredwa zinthuzo zili pomwepo. Ku Efeso komweko, Machitidwe 19:18-19, okhulupirira anaulula, nabweretsa mabuku awo amatsenga n'kuwatentha pamaso pa onse, a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Sanawagulitse kuti apezeko kangachepe. Wotere afunsidwe mwachindunji, atulutse yekha, atenthe yekha pali akulu awiri kapena atatu. Kusinthanitsa chithumwa ndi botolo la madzi kapena mafuta ogula sikumasuka ayi, ndi chithumwa chomwecho chavala jekete.

Za zida za pa Aefeso 6 zija, taziwerengani bwino. Lamba ndi choonadi, ndiye wonamiza mlangizi wake wamasula lamba, zina zonse zigwa. Chapachifuwa ndi chilungamo, nsapato ndi uthenga wa mtendere, chikopa ndi chikhulupiriro, chisoti ndi chipulumutso. Chomenyera ndi chimodzi chokha, lupanga, lomwe ndi Mawu. M'chipululu Yesu atasala masiku 40 anayankha katatu, ndipo katatu konse anatenga mu Deuteronomo: 8:3, 6:16 ndi 6:13. Sanakuwe, anangotchula lemba loyenera pa chiyeso choyenera. Choncho munthu aloweze pamtima mavesi awiri kapena atatu okhudza tchimo lakelo, osati a aliyense. Wamowa atenge Miyambo 23:29-32 ndi Aefeso 5:18. Wobetcha atenge 1 Timoteo 6:9-10. Wa mtima wapachala atenge Yakobo 1:19-20. Onse atenge 1 Akorinto 10:13, yonena kuti populumukira pamakhalapo. Alembe pa kapepala, aziwerenga mokweza m'mawa akamapita kuntchito, kuti pofika madzulo akhale ali pamlomo. Wosadziwa kuwerenga, mwana amuwerengere mpaka agwire.

Namwino Wopuma, Makwasa:

Ndilowepo pa nkhani ya kuphiri, poti pamenepo pakhoza kutayika moyo. Munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku lililonse kwa zaka akasiya mwadzidzidzi, pakati pa maola 6 ndi 24 amayamba kunjenjemera manja, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba ena amakomoka ngati akhunyu. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu, amaona njoka ndi tizilombo pakhoma, amamva mawu. Gulu likaona zimenezo limati chiwanda chikudzionetsa, n'kuonjezera kuimba. Amenewo ndi matenda, ndipo amapha. Wotere asiye mowa akuonedwa ndi achipatala, pali mankhwala ochepetsa zimenezi. Pempherani naye ali pa bedi la chipatala, osati pa thanthwe mtunda wa maola atatu kuchokera kumsewu.

Kusala nako kuli ndi malire. Wa matenda a shuga amene akumwa mankhwala kapena kubaya jakisoni, shuga amatsika, amayamba kulankhula zosamveka mpaka kukomoka. Wa ma ARV, wa TB, wa BP kapena wa khunyu asadumphitse mankhwala ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha kusala. Oyembekezera ndi oyamwitsa asalowe nawo. Kusala kosamwa madzi masiku angapo kumaononga impso, ndipo phiri la Mulanje mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika, limazizira moti munthu wopanda kanthu m'mimba sapirira. Woyamba kumene ayambe ndi kudumpha chakudya chimodzi, kapena kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo akumwa madzi. Kumbukiraninso kuti njala ndi kutopa zili pa mndandanda wa abambo a ku Luchenza uja. Ambiri amagwa tsiku lomwe atsika kuphiri.

Wa Kwaya, Chitakale:

Zikomo nonse makolo anga. Chatsala chimodzi. Nanga wachita zonsezi n'kugwabe? Chifukwa chimene timaona n'chakuti akagwa kamodzi amasowa kutchalitchi miyezi iwiri, akuti akuchita manyazi, ndipo m'miyezi imeneyo ndi mmene amamira kwenikweni.

Mkulu wa Mpingo, Luchenza:

Pamenepo ndi pamene mdani amakolola zambiri, achimwene. Asanachimwe amamunong'oneza kuti n'kanthu kakang'ono, akachimwa amatembenuka n'kumuuza kuti n'kwakukulu koti sangakhululukidwe. Chivumbulutso 12:10 chimam'tcha woneneza abale. Kusiyanitsa kwake sikovuta. Kutsutsa kwa Mzimu kumatchula chinthu chimodzi ndi chochita chake: unanama kwa mkazi wako dzulo, pita ukamuuze. Kuneneza kwa satana kulibe chochita, kumangoti ndiwe wachabechabe, usapitenso kumeneko. 2 Akorinto 7:10 ikusiyanitsa zisoni ziwirizi. Petro ndi Yudasi onse anamva chisoni atachimwira Yesu, koma wina anabwerera kwa anzake, wina anapita yekha.

Lamulo likhale la tsiku lomwelo. Dzuwa lisanalowe aulule kwa Mulungu potchula tchimolo ndi dzina lake, monga 1 Yohane 1:9, osati "zonse zimene ndalakwa." Maola 24 asanathe auze mlangizi wake. Kenako atsegule kope lija n'kuyang'ana mpanda unaboola pati: mwina ndalama zinachedwa m'thumba, mwina anayenda yekha ku maliro a usiku, mwina foni inalowanso kuchipinda. Atseke pamenepo, osati kuyamba malumbiro atsopano. Lamulungu lotsatira akhale pa benchi lake, ndipo akapanda kuoneka, awiri a m'gululo apite kwawo Lolemba, asadikire mwezi.

Muziwerenga bwinonso. Amene ankaledzera masiku 20 pa mwezi n'kufika pa awiri sanafike, koma sali pomwe anali, ndipo muzimuuza zimenezo. Ngati tchimolo lakhudza banja la wina, katundu wa mpingo kapena mwana wamng'ono, silikhalanso la anthu awiri: la banja ndi la katundu lipite kwa abusa ndi akulu a mpingo, ngakhale zitafika poimitsidwa ku Mgonero kwa kanthawi, pomwe la mwana lipitenso ku polisi, ndipo mlangizi amuuziretu zimenezi pa kukumana kwawo koyamba.