Kodi "mbuzi imadya pomwe yamangidwa" ndi mwambi wa ziphuphu?

NaBanda, Ulongue:
Akuluakulu ndithandizeni. Mnyamata wina wati akufuna ntchito ya boma kuno ku Mozambique chifukwa mbuzi imadya pomwe yamangidwa. Amalume ake amudzudzula pomwepo kuti waupotoza mwambi. Wolondola ndani?

A Phiri, Dómue:
Amalumewo alondola. Agogo ankaunena m'dzinja, akumangirira mbuzi chimanga chili m'munda. Chingwe cha mikono inayi kapena isanu, chikhomo cholowa bwino pansi, mfundo yosatsetsereka kuti mbuzi ikakoka isadzipachike. Masana mumazula chikhomo n'kukakhoma pa udzu wina. Mbuziyo imadya za mkati mwa chingwe basi. Ikadula n'kulowa m'munda mwa eni, mlandu umapita kwa nyakwawa ndipo mwini mbuzi amalipira. Chingwecho ndi malipiro ako. Khutira nawo.

Nangozo, Moatize:
Bambo Phiri, pepani, koma kuno aliyense amaumva mwina. M'Chipwitikizi amati "o cabrito come onde está amarrado", ndipo dzina loti cabritismo latuluka pamenepo. Ndi chiphuphu chimenecho.

Aphunzitsi, Tsangano:
Mnyamatayo ayambe wadziwa mmene munthu amamangidwira m'boma. Umadikira concurso, mpikisano wa malo a ntchito, ilengezedwe. Umasonkhanitsa BI (chiphaso cha unzika), NUIT (nambala ya msonkho), satifiketi ya sukulu, registo criminal (kalata yosonyeza ngati unapalamulapo mlandu) ndi kalata ya kuchipatala, ndipo makope akhale otsimikizidwa kwa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo. Ambiri amagwa pa kanthu kochepa, dzina la pa BI kusiyana chilembo chimodzi ndi la pa satifiketi. Ukapambana, mapepala amapita ku Tribunal Administrativo, khothi loona za kayendetsedwe ka boma, kukalandira visto, chivomerezo chake, ndipo apa m'pamene pamachedwa. Kenako zaka ziwiri za nomeação provisória, nthawi yoyesedwa pa ntchito. Chaka chilichonse, m'mwezi wako wobadwa, umakachita prova de vida, kutsimikizira kuti ukadali moyo. Ukaiwala, malipiro amaimitsidwa. Ndipo malo susankha wekha. Wotsiriza maphunziro ku IFP ya Angónia, sukulu yophunzitsa aphunzitsi, atha kutumizidwa kusukulu yoti mtsinje ukadzadza safikako. Kwa ine kumangidwa n'kumeneko.

A Phiri:
Mwanena zomwe ndikunena, aphunzitsi. Chikhomo amakhoma ndi mwini mbuzi.

Mayi Jere, Furancungo:
Agogo anga ankauza mtsikana wokakwatiwa kutali mawu omwewa, kuti akadye zomwe apongozi akudya. Za ziphuphu panalibe. Komanso tisaike onse a m'boma m'khola limodzi. Wina amalowa chifukwa cha penshoni. Wina akufuna ngongole ya kubanki, poti amaidula pa malipiro mwezi ndi mwezi. Koma mlangizi wa SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi chuma m'distrito, amene amayenda m'minda ya mbatata ya kachewere kuonetsa alimi kupopera mankhwala chiwawu chisanawononge masamba, akudyapo chiyani? Nanga namwino wochezera ndi mayi woyembekezera pachipatala chaching'ono, tochi ili m'manja? Ameneyu anaitanidwa ndi mtima.

Nangozo:
Sindikukana, amayi. Koma TSU, ndondomeko yatsopano ya malipiro a ogwira ntchito m'boma, itabwera mu 2022 madandaulo sanathe, aphunzitsi akhala akulirira ndalama za horas extras, maola owonjezera. Chingwe chikafupika mbuzi imasuzumira m'munda.

A Phiri:
Ikasuzumira ndiye yachoka pomwe yamangidwa! Mwambi sunanene kuti imadya pomwe yathawira. Mverani mawuwo bwinobwino, mwana wanga.

Mayi Jere:
Vuto ndi ana a masiku ano. Chiphuphu akuchitcha refresco ngati chakumwa. Amati "ndikupita kukatratari documento", mawu oti kukonza mapepala aiwala. Muwafunse kuti nyakwawa ndani, angokuyang'anani.

Aphunzitsi:
Ena salekanitsa mwambi ndi chithokozo cha pa WhatsApp. Koma anawo anaumva kwa ife akulu, m'mizere ya m'maofesi.

NaBanda:
Ndiye ndikamuuze chiyani mnyamatayo?

A Phiri:
Mukamuuze za chingwe. Mikono isanu basi.

Nangozo:
Ine ndikadali pomwe ndinali, bambo.