Kodi nzeru za makolo zingatithandize kuphunzitsa sayansi ngati ku Australia?

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa sayansi Sitandade 6. Achemwali anga amakhala ku Australia, ndipo andiuza kuti mu 2018 bungwe loona za silabasi kumeneko, la ACARA, linatulutsa zitsanzo 95 za mmene mphunzitsi angaphunzitsire sayansi kudzera m'nzeru za Aaborijini, eni nthaka a dzikolo. Mwana wawo anaphunzira za kuyenda kwa dziko mozungulira dzuwa kuyambira pa emu, chimbalame chonga nthiwatiwa. Anthu a mtundu wa Kamilaroi amayang'ana mdima umene uli mkati mwa mlalang'amba, osati nyenyezi zowala, ndipo mdimawo umaoneka ngati emu. Ikamaoneka madzulo ngati ikuthamanga, mu Epulo ndi Meyi, amadziwa kuti emu zayamba kuikira mazira. Mwana akafunsa chifukwa chake emuyo imasintha kaimidwe miyezi ikamapita, phunziro layamba lokha.

Ana anga amaloweza mawu a Chingerezi n'kukhoza mayeso, koma ukawafunsa chifukwa chake amayi awo amayanika ndiwo za mfutso padzuwa, amangoti zii. Zimandipweteka. Kwathu kuno ndingayambire pati?

Mlangizi wa ku Bwanje:
Aphunzitsi, yambirani pa mtengo wa nsangu. Umayoyola masamba m'dzinja mitengo ina ikubiriwira, choncho chimanga cha pansi pake chimalandira dzuwa ndi manyowa nthawi imodzi. M'mizu mwake muli mabakiteriya amene amatenga nayitirojeni mumpweya n'kuika m'nthaka. Agogo athu sankadula nsangu m'munda, ankadziwa. Kwanu kumtunda nsangu ndi yosowa, koma nandolo ndi soya zimachita chimodzimodzi. Ana azule soya mmodzi aone timatuza ta m'mizu.

Za moto nazonso. Ku Arnhem Land, kumpoto kwa Australia, kuyambira 2006, Aaborijini anabwezeretsa kutentha tchire koyambirira kwa chilimwe, udzu udakali ndi chinyezi, kuti moto uyende pang'onopang'ono osapha mitengo. Ife timayatsa mu Seputembala ndi Okutobala posaka mbewa, udzu utauma gwa. Ana ayerekeze malupsa awiriwo.

Mayi a Tadala, Lizulu:
Ine si mphunzitsi, ndimagulitsa thobwa pamsika. Koma mwana wanga wa Fomu 3 atandifotokozera kuti chimanga chikamera chimapanga amylase, amene amasandutsa sitalichi kukhala shuga, ndinati nanga si chimera chimenecho! Phala lolimba ukathira chimera limasungunuka n'kuyamba kutsekemera wopanda shuga wa kugolosale. Aphunzitsi, itanani mayi mmodzi abwere ndi poto kusukulu, ana alawe asanathire chimera ndi atathira. Ife sitingakane, kungoti palibe amatifunsa.

Wa ku Linthipe:
Ndikugwirizana nanu, koma chenjerani pawiri.

Choyamba, si zonse za makolo zoyenera m'kalasi. Aaborijini nawo ali ndi nkhani zimene sauza aliyense, ndipo mphunzitsi amayenera kupempha kaye akuluakulu awo. Kuno tili ndi Chongoni, malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira zija, zimene amati anajambula Akafula, mukhoza kuphunzitsira za utoto wochokera ku dothi lokhala ndi chitsulo. Koma zoyera zambiri n'za chinamwali ndi gule. Musapite ndi ana musanaonane ndi amfumu ndi anamkungwi, ndipo tanthauzo lake musakumbe. Mungadane ndi mudzi wonse.

Chachiwiri, musamangoti chilichonse cha agogo ndi choona. Kuviika chinangwa chowawa m'madzi, monga amachitira ku Nkhotakota, kumachotsadi poizoni wa cyanide, ndipo Aaborijini amatsuka motero njere zina zakupha asanadye. Koma zoti kadzidzi akalira padenga kugwa maliro, ana aphunzire kufunsa kuti umboni wake uli pati.

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Zikomo nonse. Mayi a Tadala, ndiyamba ndi thobwa, ndikambirana ndi a komiti ya makolo sabata ino. Emu ija imaonekanso kuno ku Dedza, mutu wake uli pafupi ndi nyenyezi zinayi za mtanda chakummwera, ndiye mu Meyi ndidzawapatsa ana ntchito yokaijambula kunyumba usiku wopanda mwezi. A Mlangizi, soya timuzule ali ndi masabata angati kuti timatuzato tioneke bwino?