Atitulira odwala maganizo ku OPD, nanga mankhwala ali kuti?

Nesi_waOPD: Anzanga, ndatopa. Ndondomeko yatsopano ikuti odwala maganizo azithandizidwa pafupi ndi kwawo m'malo mowaunjika kuchipatala chachikulu. Sindikukana. Koma anangotiphunzitsa mhGAP (malangizo a WHO a kathandizidwe ka odwala maganizo) sabata imodzi, basi, n'kuyamba kutibwezera odwala schizophrenia (matenda aakulu osokoneza maganizo) amene anakhazikika pa jakisoni wa fluphenazine. Kufamase kwathu kulibe, benzhexol (wothandiza minofu ikauma chifukwa cha mankhwala otere) kulibenso. Mu regista mulibe powalemba, ndiye ku DHIS2, kompyuta kumene timatumiza ziwerengero za odwala, tikuoneka ngati sitiona wodwala ndi mmodzi yemwe. Ndiwasinthire ku mapiritsi a chlorpromazine kapena ndiwabweze?

WakuFamase: Nkhani ndi ndalama, achemwali. Malinga ndi WHO, pa bajeti ya zaumoyo matenda a maganizo amapatsidwa pafupifupi 2 peresenti. Mungaode bwanji chomwe sichinagulidwe?

Kiliniko77: Musasinthe nokha musanayimbire amene anawalembera. Ambiri anawaika pa jakisoni chifukwa mapiritsi ankasiyira panjira. Chlorpromazine amatsitsanso BP, achikulire amagwa naye. Ine ndinapatsapo mnyamata haloperidol popanda benzhexol pafupi. Mawa lake anabwera khosi litapindika, lilime panja. Abale ake anamunyamula, sindinamuonenso mpaka lero.

WakuFamase: Mwaonatu? Benzhexol akanagulidwa, mnyamatayo mukanakhala nayebe. Ndalama.

SistaWamkulu: Si ndalama zokha, bambo. Kwathu tinaphunzitsa anamwino awiri, pasanathe miyezi itatu mmodzi anamuika ku matenite, wina anapita kusukulu. Oyang'anira amene analonjeza kumabwera mwezi ndi mwezi anangofika kamodzi. Komanso chonde, amene ali ndi maganizo odzipha musamupatse amitriptyline (mankhwala a matenda a kukhumudwa) wa mwezi wonse, angamwe onse nthawi imodzi. Mpatseni wa masiku ochepa, asunge ndi wachibale.

Kiliniko77: Anthu amakonda kutchula Italy ndi lamulo 180 la mu 1978 lotseka zipatala zazikulu za odwala maganizo, la nthawi ya dokotala Franco Basaglia. Amaiwala kuti mumzinda wa Trieste, ku Italy komweko, anatsegula malo othandizira odwala m'madera chipatala chisanatsekedwe, ndipo kutseka zipatala zonsezo m'dziko lonse kunatenga zaka pafupifupi 20. Ife tikufuna kuyamba ndi denga, maziko tisanakumbe.

WakuFamase: Malo a ku Trieste anamanga ndi chiyani? Masamba?

SistaWamkulu: Ngakhale ndalamazo zitabwera, oda imatengera ziwerengero. A Nesi_waOPD, gulani kabuku kapadera muziwalembamo, apo ayi kumwambako azingoti kulibe odwala.

Mzamba_J: Pepani kulowerera. Alipo amene ali ndi PHQ-9 (fomu ya mafunso oyezera matenda a kukhumudwa) yomasuliridwa bwino? Yathu funso lachisanu ndi chinayi, la maganizo odzipha, amayi sakulimva, amangoseka.