Za ulendo wa Misozi

Misozi: Madzulo abwino nonse. Abwana andilola kugwira ntchito ndili kulikonse, bola intaneti isamaduke. Mukukumbukira 2024 madzi atachepa ku damu la Kariba, magetsi n'kumazimazima, ndinkangozungulira tauni ndi laputopu kusaka pomwe pali jenereta. Ndikufuna ndikakhaleko kunja miyezi ingapo. Maganizo ali pa Mauritius, Windhoek (ku Namibia) ndi Lilongwe.

Amalume Phiri: Lilongwe basi. Ukadutsa pa boda ya Mwami, maola awiri wafika. Chilankhulo chathu chomwechi, nsima yomweyi.

Mabvuto: Amalume, kumenekonso magetsi amazima, ndipo mizere ya mafuta ija munaiona nokha. Athawe mdima kuno akaupezenso kutsidya?

Misozi: Ku Mauritius kuli Premium Visa, viza yokhalira m'dzikomo chaka chimodzi, yosalipira, koma uonetse kuti umalandira madola 1,500 pa mwezi. Ya ku Namibia ndi ya miyezi 6, amafuna madola 2,000. Malipiro anga akufikapo, koma movutikira.

Azakhali a ku Katete: Mauritius si pakati pa nyanja pamenepo? Ambuya akadwala usiku udzafika liti? Ndege, ina ndege, kenako basi ya ku Lusaka tsiku lonse. Ine mtima wanga wakana.

Misozi: Zoona azakhali. Chinanso, nthawi yawo ili patsogolo ndi maola awiri, misonkhano ndizimaliza kutada. Windhoek wotchi ndi imodzi ndi kuno, ndipo msewu ulipo wodzera ku Katima Mulilo ndi Sesheke.

Amayi: Ine za mayikozo sindikulowererapo. Funso langa ndi limodzi: mwezi uliwonse ndiwe umawatenga ambuya kukalandira mankhwala a BP. Ukachoka aziwaperekeza ndani? Miyendo yanga mukuidziwa.

Mabvuto: Ndiziwatenga ine, mayi. Misozi azingotumiza ya takisi.

Misozi: Ndizitumiza pa 1 mwezi uliwonse, pamodzi ndi ya mankhwala.

Chikondi: Nanga nyumba ya ku Kalongwezi, muno mu Chipata? Musaibweze asisi, kupeza ina ngati imeneyo n'kovuta. Ndilowemo ine, renti tizigawana.

Amalume Phiri: Chabwino, ndagonja. Koma tamvera, usatumize dipoziti chifukwa cha zithunzi za pa Facebook. Mnzanga wina analipira miyezi iwiri, kukafika anapeza nyumbayo muli eni ake. Ukafike pa loji kaye masabata awiri. Nyumba ukaione ndi maso, intaneti ukaiyesere m'chipinda momwemo, ufunsenso ngati madzi ndi magetsi zili mu renti. Mapepala utitumizire tiwerenge usanasaine.

Azakhali a ku Katete: Ku Kulamba usaphonye, kumapeto kwa Ogasiti. Unyamuke titachoka ku Mkaika.

Misozi: Ndiye wa ku Windhoek ndinyamuka kumayambiriro kwa Seputembala. Ndibwera mu Febuluwale, mwambo wa Angoni wa Nc'wala udzandipeza kuno.

Amayi: Ambuya sanauzidwe. Pa foni ayi. Loweruka ubwere ndi shuga ndi buledi, ukawauze wekha.

Misozi: Ndibwera m'mawa, mayi.